Msiyeni mwana akopere Peppa Pig, kenako mukamuonetse njiri

Makolo ambiri muno mu Gaborone, eni dziko ndi ife Amalawi obwera omwe, amaipidwa akapeza masamba akumapeto a kope la mwana atadzaza nkhumba zovala madiresi ndi mbewa za makutu akuluakulu. Amati mwanayo akungotha makope, TV yamulowa m'mutu. Ine ndikuti ali pa phunziro, ndipo tisamulande pensulo.

Ojambula makatuni amamanga nyama ndi zidutswa zochepa kwambiri, poti chithunzi chimodzi chimajambulidwa kambirimbiri kuti chioneke ngati chikuyenda. Mutu wa Mickey Mouse, yemwe anatchuka mu 1928, ndi mizere itatu yozungulira basi. Peppa Pig wa ku Britain, amene anayamba kuonetsedwa mu 2004, maso ake onse awiri ali mbali imodzi ya nkhope, komabe palibe mwana amene amakayika kuti ndi nkhumba. Wokopera zoterezi amaphunzira kuyamba ndi chimango chachikulu asanafike pa maso ndi mchira, amaphunzira kuyeza miyendo polinganiza ndi thupi, ndipo amazindikira yekha kuti kungopinda pang'ono mzere wa pakamwa kumasandutsa chimwemwe kukhala mantha. Maphunziro a zojambula amayambiranso pomwepa.

Ena amati kukopera kumapha luso lopeka. Koma woumba mbiya amayamba ndi kutsanzira dzanja la amayi ake, zakezake zimabwera pambuyo. Dandaulo limene limandikhudza ndi lina: nyama zimenezi n'zachilendo, moti mwana wa ku Broadhurst muno mu Gaborone angathe kujambula Peppa osaonera, koma osatha kujambula mbidzi ziwiri za pachizindikiro cha dziko lino. Zimenezo n'zoona ndipo n'zopweteka. Komatu cholakwa si kukoperako, cholakwa ndi kulekera pomwepo. Ngakhale a Disney, pokonza filimu ya Bambi ya mu 1942, anabweretsa agwape amoyo kuti ojambula awo aziona mmene amapondera. Makatuni a Tinga Tinga Tales, ojambulidwa ku Nairobi, anatenga kajambulidwe ka Edward Saidi Tingatinga wa ku Tanzania n'kusimba nako nthano za nyama za kuno kwathu, umboni woti luso limeneli lilibe mwini.

Ndipo ndi mizinda ingati imene ili ndi mwayi wa Gaborone? Gaborone Game Reserve ili mumzinda momwemuno, malo ena osungira nyama a Mokolodi ali chapafupi kumwera. Mwana wodziwa kumanga Peppa akaima pamaso pa njiri adzaona kuti chimango n'chomwecho, kungoti mutu ndi wotambalala, minyanga yapindikira m'mwamba, ndipo mchira umaima chilili ikamathawa. M'dziko lomwelino, pamiyala ya ku Manyana pali nyamalikiti zojambulidwa ndi anthu akale, ku Tsodilo zithunzi n'zoposa 4,500, ndipo kwathu ku Dedza tili ndi za ku Chongoni. Akalewo nawonso ankasiya zambiri n'kusunga chokhacho chozindikiritsa nyama, khosi kapena nyanga, monga amachitira wamakatuni lero. Choncho Loweruka likubwerali kholo litenge kope lomwe lija, pensulo ndi labala, lipite ndi mwana kumene kuli njiri, ndipo limufunse kuti Peppa wake asinthidwe pati kuti afanane nayo.