Chibaba sichimva chikwapu

M'dziko muno muli nthenda imodzi imene wodwala wake timamupereka kwa apolisi m'malo mwa dokotala. Mnyamata akamira m'chamba, m'kachasu kapena m'mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, bambo amatenga chikwapu, mayi amathamangira kwa mneneri, amalume amapita kukaombeza. Zonsezi zikakanika timasamba m'manja n'kunena kuti, "Musiyeni, anasankha yekha." Ine ndikuti ayi. Iye anasankha kulawa, koma sanasankhe ukapolo.

Bongo wa munthu umatulutsa mankhwala otchedwa dopamine pamene wadya bwino kapena wakondwa. Mowa ndi mankhwala ozunguza bongo amachititsa kuti dopamine achuluke mopitirira muyeso. Bongo ukazolowera zimenezi, nsima, mpira ndi macheza sizikomanso. Botolo limodzi limene linkamukwanira chaka chatha, lero afunika atatu. Pofika apa munthu samweranso chisangalalo, amamwa kuti manja aleke kunjenjemera ndiponso kuti tulo tibwere. Chimenecho ndicho chibaba, ndipo kuchikalipira n'kutaya nthawi. Mbali ya bongo yothandiza munthu kudziletsa imamaliza kukhwima cha m'ma zaka 25, n'chifukwa chake mwana woyamba kusuta ali ku pulayimale amakodwa msanga kuposa wamkulu.

Nanga bwanji ena amalawa n'kusiya? Ena ndi zakumtundu. Ena anakulira m'nyumba ya nkhonya, anagwiriridwa ali aang'ono, kapena ali ndi matenda a nkhawa amene palibe anawaunika. Enanso ali ndi satifiketi ya MSCE m'chikwama koma dzuwa limawalowera ali pa depoti. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti, monga Zambia inaletsera tujilijili mu 2012, koma mowa waukali wotchipa unangosamukira m'timabotolo. Tinachotsa pepala, ludzu tinalisiya.

Wina anena kuti, "Anthu amenewa amaba, amamenya makolo, ndiye tiwanyengerere?" Wakuba aweruzidwe pa kuba kwake. Wogulitsa mankhwalawa kwa ana asukulu, lamulo la Dangerous Drugs Act limugwire kolimba. Mwini famase wogulitsa mankhwala a codeine popanda chikalata cha dokotala, bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority limulande chiphaso. Koma wopezeka ndi ndudu imodzi ya chamba, tikamutsekera kundende ya Maula kapena ya Chichiri, amakaphunzirako chiyani? Amatuluka ali ndi mbiri yoipa, ntchito palibe womulemba, chibaba chili chomwecho.

Dziko la Portugal linasiya kutsekera anthu opezeka ndi mankhwala ochepa ogwiritsa ntchito okha mu 2001. M'malo mwake amawatumiza ku komiti imene ingawalozere ku chithandizo, ndipo chiwerengero cha otenga HIV pobayana jakisoni chinatsika kwambiri. Mukati kumeneko ndi kwa azungu, taonani apa pafupi. Tanzania inatsegula kiliniki ya methadone pa chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam mu 2011, kuthandiza anthu okodwa ndi heroin. Heroin yemweyo amadutsa m'mphepete mwa nyanja ya Tanzania ndi Mozambique kulowera ku South Africa. Ife tili pakati pa njira imeneyi, ndiye tisadzinamize kuti sadzatipeza.

Chithandizo chenicheni chili ndi magawo ake. Choyamba ndi kuchotsa poizoni m'thupi pamaso pa achipatala. Makolo, mvetsetsani apa: chidakwa chenicheni chikasiya mowa mwadzidzidzi chimatha kukomoka, kuona zilubwelubwe, ngakhale kufa. Kumutsekera munthu wotere m'chipinda kapena kumumanga unyolo kumalo opempherera n'kuseweretsa moyo wake. Kenako pamabwera uphungu, kuchiza nkhawa imene inamukankhira kumeneko, magulu othandizana monga Alcoholics Anonymous amene anayamba ku America mu 1935, ndi ntchito yoti manja agwire. Pemphero lili ndi malo ake, koma liziyendera limodzi ndi chipatala.

Ndipo akabwerera ku botolo, musati chithandizo chalephera. Wodwala BP akaleka mankhwala magazi n'kukweranso, sitimuthamangitsa pakhomo, timabwerera naye kuchipatala. Kuchira kwa nthenda iyi kumayenda chimodzimodzi: ambiri amagwa kangapo asanaime.

Koma abwerere kuti? Boma lili ndi chipatala chachikulu chimodzi cha matenda a m'maganizo, cha ku Zomba, ndipo dzina lokhalo limathawitsa anthu poopa kutchedwa amisala. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe akuyesetsa, koma sangasenze dziko lonse. Mayi wa ku Nsanje kapena ku Chitipa apeza kuti ndalama yokwerera basi ndi mwana wake wodwala?

Pa 26 June chaka chilichonse, tsiku lolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo, timavala malaya olembedwa mawu, timaguba, nduna imalankhula, kenako ziii. Zakwana. Chipatala cha boma lililonse chikhale ndi mabedi ochepa ndi anamwino ophunzitsidwa za nthenda imeneyi. Gawo la msonkho wa mowa ndi fodya lipite ku chithandizo. Aphungu asinthe lamulo kuti oweruza azitumiza wosuta ku uphungu, ndende isungire ogulitsa. Inu makolo, tulani chikwapu, mutengereni mwanayo kuchipatala asanafike poti mukamuzonde kundende kapena kukamuika kumanda.