Pulogalamu ya ova-ova ipatseni gowelo, musailowetse m'nyumba yaikulu

Amalume anga amayang'anira alonda asanu ndi mmodzi pa munda wina wa fodya kufupi ndi msika wa Nambuma. Fodya akakhala m'zigafa alondawo sagona, ndipo chimene amadalira kuposa tochi ndi wailesi zolankhulirana, zija ambirife timangoti ova-ova. Zinayi zinali zakale. Eni munda atagula zina ziwiri zatsopano, za mtundu wa Baofeng UV-5R, panabuka chodabwitsa: zatsopanozo zinkamva bwinobwino mlonda akalankhula pa yakale, koma mlonda wa yatsopano akaitana, zakale zonse zinangokhala chete. Tangoganizani, waona anthu akulowa m'chigafa usiku, ukukuwa pa wailesi, anzako osamva kanthu.

“Mphwanga, si iwe wa makompyuta? Tazikonza izi,” anatero amalume.

Ndinavomera mwachangu, ndipo ndinalakwitsa mwachangunso. Ndinabwereka laputopu ya achemwali anga, ndinasaka pa intaneti pulogalamu ya wailesi zakalezo, ndinaipeza pa tsamba lina losadziwika bwino, n'kuiika. Kompyuta itandichenjeza ndinangodina kuti ipitirire. Pofika mawa lake laputopu inali itadzaza mavairasi, moti inafunika kufufutidwa yonse. Ntchito ya kusukulu ya achemwali ya teremu yathunthu inapita. Mpaka lero nkhaniyi ikatuluka pa nsima ndimangoyang'ana m'mbale.

Maganizo anga ndi awa: pulogalamu yakale kapena yokayikitsa, monga zambiri zokonzera ova-ova, isamaikidwe mwachindunji pa laputopu imene anthu akuidalira. Iziikidwa mu virtual machine. Ndipo wophunzira aliyense wa Computer Studies amene ali ndi mwayi wogwira laputopu ayenera kuphunzira kuchita zimenezi asanalembe MSCE, ngakhale sadzagwirapo ova-ova moyo wake wonse.

Tiyambe ndi wailesiyo. M'kati mwa ova-ova muli kachipangizo kosunga manambala. Tchanelo iliyonse ndi mzere wa manambala basi: frequency yomvera, frequency yolankhulira, mphamvu yotumizira, ndi zina zing'onozing'ono. UV-5R imasunga matchanelo 128, ndipo imagwira pa 136 mpaka 174 MHz komanso pa mafunde ena oyambira pa 400 MHz. A Fomu 3 ndi 4, apa ndi pamene v = fλ ya m'kalasi ija imaonekera: liwiro la mafunde a wailesi ndi pafupifupi mamita 300,000,000 pa sekondi, ndiye mukagawa ndi 150,000,000 mupeza kuti funde la 150 MHz ndi lotalika mamita awiri. Gawo limodzi mwa magawo anayi a mamita awiriwo ndi masentimita 50, n'chifukwa chake mlongoti wabwino wa wailesi zoterezi umakhala wautali chapamenepo.

Vuto la amalume silinali frequency. Wailesi zambiri zimakhala ndi chinthu chotchedwa CTCSS, kaphokoso kotsika kwambiri, pakati pa 67 ndi 254 Hz, komwe wailesi yolankhula imatumiza pamodzi ndi mawu. Wailesi yomvera ikauzidwa kuti izidikira kaphokoso kakutikakuti, siitsegula sipika mpaka itakamva. Zakale zinayi zija zinkadikira kaphokoso komwe zatsopano sizinkatumiza. Kuti ndidziwe kuti ndi kati, ndinayenera kuwerenga zomwe zili m'kati mwa yakale, ndipo yakaleyo ilibe sikirini kapena mabatani a manambala. Njira yokha ndi chingwe ndi pulogalamu ya kampani yomwe inaipanga, imene inalembedwa m'masiku a Windows XP.

Apa ndiye pali nkhani. Wailesi yabwino imakhala zaka zambirimbiri ikugwira ntchito, koma Windows imasintha. Microsoft inasiya kusamalira Windows XP mu April 2014, Windows 7 mu January 2020, ndipo Windows 10 mu October 2025. Wailesi imatsala ndi pulogalamu ya nthawi yake, laputopu n'kupita patsogolo.

Chingwe nachonso chili ndi zake. Mukachiona chimangooneka ngati chingwe wamba cha USB, koma m'kamutu kake muli kachipangizo komasulira pakati pa USB ndi njira yakale yotumizira manambala mmodzimmodzi, yomwe Windows imaitcha COM port. Timachipangizoti timapangidwa ndi makampani monga Prolific, FTDI, Silicon Labs ndi WCH, ndipo kalikonse kamafuna driver yake, kapulogalamu kouza kompyuta mmene ingalankhulire nako. Zingwe zambiri zotchipa zili ndi kachipangizo kachinyengo kotengera PL2303 ya Prolific. Ma driver atsopano a kampaniyo amakazindikira n'kukana kugwira nako ntchito, ndipo Windows imaonetsa uthenga wa Code 10. Anthu amathawira ku driver yakale ya 2007, koma laputopu ikangolumikizidwa pa intaneti, Windows imatha kuichotsa n'kubwezeretsa yatsopano. Ndiye munthu umayamba kuzimitsa zodzitetezera za laputopu chimodzichimodzi kuti chingwe cha ndalama zochepa chigwire ntchito. Kumeneko n'kugwetsa mpanda wa nyumba kuti ngolo ilowe.

Kumudzi kuno mnyamata akakula, kapena kukabwera mlendo amene simukumudziwa bwino, sagona kuchipinda kwa makolo. Amagona m'gowelo. Gowelo lili pabwalo lomwelo, madzi ndi a pa mjigo womwewo, koma zochitika m'menemo zimathera m'menemo. Virtual machine ndi gowelo la m'kompyuta. Pulogalamu monga VirtualBox imatenga gawo la RAM, gawo la mphamvu ya purosesa ndi fayilo imodzi yaikulu pa disiki, n'kuzisonkhanitsa kuti zioneke ngati kompyuta ina yathunthu. Mu kompyuta yongoyerekezayo mumaika Windows 7 kapena XP, ndipo imayaka pa windo lake ngati pulogalamu ina iliyonse. Akatswiri eni ake amagwiritsa ntchito mawu a pakhomo omwewa: laputopu yeniyeni amaitcha host, kutanthauza mwininyumba, ndipo ya m'katiyo guest, mlendo. Nzeruyi si yatsopano ayi. IBM inatulutsa VM/370 mu 1972, makolo a ambiri mwa inu asanabadwe, ndipo masamba ambiri a pa intaneti amene mumatsegula pa foni amakhala mu ma virtual machine m'makompyuta akuluakulu.

Ulendo wachiwiri ndinachita chonchi, pa laputopu yomweyo, achemwali ataima kumbuyo kwanga manja ali m'chiuno. Ndinaika VirtualBox, yomwe ndi yaulere. Poyamba inakana kuyatsa mlendo mpaka nditalowa mu BIOS n'kutsegula VT-x, gawo la purosesa ya Intel lothandiza ntchito imeneyi; pa purosesa ya AMD limatchedwa AMD-V. Mlendo ndinamupatsa Windows 7 ndi 2 GB ya RAM. Kenako ndinachita chinthu chimene ndikuona kuti n'chofunika kuposa zonse: ndinamudulira intaneti. Mlendo wopanda intaneti sangasinthiridwe driver, ndipo ngati muli vairasi, ilibe njira yotulukira kunja kudzera pa intaneti. Ndisanaike pulogalamu ya wailesi ndinajambula snapshot, yomwe imasunga mmene mlendo alili pa mphindi imeneyo. Zikasokonekera mumangobwerera pa snapshot, ngati kuti simunakhudze kanthu. Zikanakhala kuti ndinadziwa zimenezi kale, ntchito ya achemwali bwenzi ilipo.

Pomwe ambiri amakodwa ndi pa chingwe. Mukachilowetsa pa laputopu, mwininyumba ndiye amayamba kuchigwira, ndipo mlendo sachiona n'komwe. Chingwe chimodzi sichingakhale m'manja mwa onse awiri nthawi imodzi. Mu VirtualBox mumapita pa Devices, kenako USB, n'kusankha chingwecho. Pamenepo chimachoka kwa mwininyumba n'kupita kwa mlendo, ndipo driver imene ikugwira ntchito ndi ya mlendoyo. Mukatero onani mu Device Manager ya mlendo kuti chapatsidwa COM nambala chani, chifukwa pulogalamu ya wailesi idzakufunsani. Ena mwa mapulogalamu akalewa amangodziwa COM1 mpaka COM4, ndiye chingwe chikagwera pa COM7 muyenera kusintha nambalayo nokha. Pulagi ya ku wailesi nayo ikankheni mpaka ilowe yonse. Ine ndinataya theka la ola ndikukayikira kompyuta pamene pulagi inali italowa theka.

Yakale ija itawerengedwa, kaphokoso kanaoneka poyera pa tebulo la matchanelo: 88.5 Hz. Kukalemba mu zatsopano ziwiri zija kunatenga mphindi zosakwana zisanu.

Tsopano ndinene zotsutsa, chifukwa zilipo ndipo zina n'zomveka. Mnzanga wina amene amakonza mafoni amati zonsezi n'kudzivutitsa, popeza pali CHIRP. Akunena zoona mbali ina. CHIRP ndi pulogalamu yaulere yomwe anaiyambitsa Dan Smith wa ku America, imagwira pa Windows, macOS ndi Linux, ndipo imadziwa mitundu yambirimbiri ya wailesi, kuphatikizapo UV-5R. Ngati wailesi yanu ili pa mndandanda wa CHIRP ndipo chingwe chanu n'chabwino, itengeni pa tsamba lake lenileni, gowelo silikufunika. Ine ndemwe zatsopano ziwiri zija ndinazikonza ndi CHIRP. Koma wailesi zambiri za makampani a alonda ndi za m'minda ikuluikulu zimafuna pulogalamu ya kampani yake basi, ndipo zimenezi ndi zimene zimafika kuno kumudzi zitagwira kale ntchito kwina.

Chotsutsa chachiwiri ndi kulemera. Laputopu ya 4 GB ikapereka 2 GB kwa mlendo, onse awiri amayenda ngati ngolo ya ng'ombe zotopa, ndipo batire imatha msanga. Izi si zazing'ono kwa ife amene timatchaja pa sola kapena kudikira magetsi. Ngati laputopu yazima pamene ikulemba mu wailesi, manambala amalowa theka, ndipo wailesi imatha kusokonekera. Choncho musayambe kulemba batire ili pafupi kutha, ya laputopu kapena ya wailesi. Ndipo nthawi zonse yambani mwawerenga zomwe zili mu wailesi n'kuzisunga mu fayilo musanasinthe kanthu. Snapshot imabweza kompyuta, siibweza wailesi. Windows ya mlendo nayo imafuna laisensi yakeyake, ndipo kuikoka pa intaneti kumadya bandulo ya ma GB angapo. Pali ngakhale wailesi zakale kwambiri zomwe mapulogalamu ake ndi a DOS ndipo amadalira liwiro la kompyuta ya nthawi imeneyo. Zimenezo virtual machine imazilephera kawirikawiri, zimafuna kompyuta yakale yeniyeni.

Zonsezi ndikuzivomera, koma ndikaziika pa sikelo ndi laputopu yofufutidwa, sizilemera. Pakhomo pambiri kuno laputopu imakhala imodzi, ndipo ndi yomwe ili ndi manotsi, mapepala a mayeso akale, zithunzi za ukwati ndi maakaunti a gulu la banki m'khonde. Wophunzira amene akuopa kuiwononga sayesa kanthu, ndipo amene sayesa kanthu amangoloweza tanthauzo la operating system osaiona n'komwe ikuikidwa. M'gowelo mutha kuika Linux, kuiphwanya, kubwerera pa snapshot, n'kuyambanso, zonse madzulo amodzi, mwini laputopu osataya ngakhale fayilo imodzi. Ndikanakhala mphunzitsi wa Computer Studies, phunziro limeneli ndikanaliika mu teremu yoyamba.

Chimodzi chokha gowelo silingateteze, ndicho mlengalenga. Pulogalamu idzakulolani kulemba frequency iliyonse imene wailesi ingakwanitse, ndipo pa mafunde omwewo pali apolisi, a zaumoyo, makampani ndi ena amene anapatsidwa malo awo. Kuno ku Malawi amene amagawa mafunde ndi bungwe la MACRA, motsatira lamulo la Communications Act la 2016, ndipo kulankhula pa frequency imene simunapatsidwe ndi mlandu, kaya mwachita mwadala kaya mumangoyesa. Wailesi yatsopano imabwera ndi matchanelo oyesera a ku fakitale, ndipo anthu ambiri amangoyatsa n'kuyamba kulankhula osadziwa kuti ali pa malo a yani. Kwa amene mwakopeka ndi sayansi ya mafunde, njira yake ilipo: laisensi ya amateur radio, yomwe imakupatsani dzina loitanira loyamba ndi 7Q, chizindikiro cha Malawi pa dziko lonse.

Ine ndisanalembe kanthu mu wailesi za amalume ndinapempha kuona kalata ya eni munda yosonyeza frequency imene anapatsidwa, ndipo ndinalemba yokhayo, matchanelo ena onse a ku fakitale n'kuwafufuta. Madzulo ake amalume anaima pa chigafa cha kumapeto ndi yatsopano, ine ndili pa geti ndi yakale.

“Mphwanga, ukundimva? Ova.”

“Ndikukumvani, amalume. Ova.”

Mafayilo a wailesi zonse zisanu ndi imodzi ali pa fulashi imene amalume amasunga m'chitini pamodzi ndi makadi a feteleza. Mlendo uja akadali pa laputopu ya achemwali, wozimitsa, akudya 15 GB ya disiki, ndipo achemwali amandikumbutsa za 15 GB imeneyo mwezi uliwonse.