Kukonza chithunzi kusafike ponamiza anthu

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani ya zithunzi zimene zikumakonzedwa pa kompyuta ndi pa foni masiku ano, popeza mchitidwewu wafika ndi kwathu kuno ku Ntcheu. Anyamata ojambula a pa boma, pa Lizulu ndi ku Tsangano sakungojambula n'kutsukitsa basi ayi. Akumayeretsa khungu la mkwatibwi, kufafaniza makwinya a agogo, ngakhale kuika nyumba yosanja kumbuyo kwa munthu amene anajambulidwa pa khonde la nyumba yofolera ndi udzu. Ena akuti limeneli ndi luso, ena akuti ndi bodza. Ine ndikuti zonse ziwiri zilipo, ndipo malire ake ngosavuta kuwaona.

Choyamba tivomereze kuti chithunzi chilichonse chimanyamula diso la amene anachijambula. Wojambula ngoma pa Umhlangano wa Maseko ku Nkolimbo amasankha yekha poima, ndiponso amasankha kuonetsa zishango za amuna kapena nkhope za amayi oomba m'manja. Pokonza amawalitsa pamene panada, nadula m'mbali momwe munalowa galimoto. Apa sananame. Wangotithandiza kuona bwino chimene chinalipodi tsiku limenelo.

Waluso ali ndi ufulu wopitirira pamenepo, bola achite poyera. Pali chithunzi cha mu 1914 choonetsa Mbusa John Chilembwe ataima ndi mmishoni wachizungu, John Chorley, pa tchalitchi cha ku Mbombwe ku Chiradzulu. Chilembwe wavala chipewa, pa nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kutero pamaso pa mzungu. Mmalawi mnzathu Samson Kambalu anatenga chithunzichi napanga nacho chiboliboli chotchedwa Antelope, chimene chinaimikidwa pa Trafalgar Square mu mzinda wa London mu 2022. Iye anakuza Chilembwe pafupifupi kawiri kuposa Chorley. Palibe amene anapusitsidwa kuti Chilembwe anali chimphona. Aliyense anamva uthenga wake, woti munthu amene atsamunda anamuchepetsa ndiye anali wamkulu m'nkhaniyo. Chithunzi chenichenicho chikadalipo chosasinthidwa, ndipo wofuna kuyerekeza atha kutero.

Bodza limayamba pamene chithunzi chosinthidwa chikuperekedwa ngati umboni. Ku Soviet Union, Nikolai Yezhov, mkulu wa apolisi achinsinsi, ataphedwa mu 1940 anafafanizidwa pa chithunzi chimene anali limodzi ndi Joseph Stalin, pamalo pake n'kungooneka madzi a mu ngalande. Amene ankafafaniza anzake m'dziko anafafanizidwa nayenso. Paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nako ku America, mu 2003, nyuzipepala ya Los Angeles Times inachotsa ntchito wojambula wake Brian Walski chifukwa cholumikiza zithunzi ziwiri za ku nkhondo ya ku Iraq kuti chituluke chimodzi chogwira mtima. Luso anali nalo ndithu, koma owerenga anaonetsedwa chinthu chimene sichinachitike.

Kwa ife a kumudzi nkhaniyi si yamasewera. Chithunzi ndicho chimasonyeza kwa opereka thandizo kuti mjigo unakumbidwadi. Ndicho chimayenda pa WhatsApp kuonetsa kuti msonkhano wa ndale unali ndi khamu kapena ayi, ndipo kuchulukitsa mitu ya anthu pa foni ndi ntchito ya mphindi zochepa. Ndichonso chimatsala m'nyumba munthu akatisiya. Tikafafaniza makwinya a agogo ndi mphini zawo, adzukulu adzawadziwira pati? Nanga mtsikana amene aona kuti wojambula wamuyeretsa osamufunsa, saganiza kuti khungu lake lakuda ndi chilema?

Tsono pempho langa nali. Inu ojambula, konzani kuwala ndi mtundu momwe diso lanu lakondera, koma musaonjezere kapena kuchotsa munthu kapena chinthu osauza mwini wake, ndipo muzisunga chithunzi choyambacho. Inu akonzi, chithunzi cha nkhani chikasinthidwa muzilemba pansi pake kuti chasinthidwa. Abusa ndi ansembe athu, pamene mukusankha zithunzi za pa kalendala kapena za pa nsalu ya chikondwerero cha mpingo, funsani ngati nkhope zili pamenepo n'zenizeni, pakuti umboni wonama suchoka pakamwa pokha. Ndipo ife owerenga tisamafulumire kutumizira anzathu chithunzi chilichonse chimene chatidzidzimutsa. Tiyambe tafunsa kuti wajambula ndani, liti ndiponso kuti. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wokhudzidwa,
Ntcheu.