CHENJEZO: Musagule "mankhwala ochiza" matenda a Duchenne

Makolo a ku Malawi okhala ku Mayfair ku South Africa ndi madera oyandikana nako, tamverani izi mwachangu.

Ngati mwana wanu wamwamuna wa zaka 3 mpaka 5 amagwa pafupipafupi, amayenda monyang'ama, akatumba ake ndi aakulu koma alibe mphamvu, ndipo podzuka pansi amatsamira manja pa ntchafu, pitani naye ku chipatala sabata ino. Angakhale matenda a Duchenne muscular dystrophy, omwe amafooketsa minofu pang'onopang'ono mpaka kufika pa mtima ndi kupuma. Amagwira pafupifupi mnyamata mmodzi mwa 3,500 mpaka 5,000. Mwana amabadwa nawo. Si ufiti, ndipo mayi asalozedwe chala.

Nkhani za kafukufuku mukumvazo n'zoona, koma mankhwala ochiziratu sanapezeke. Mankhwala otchedwa Elevidys anavomerezedwa ku America mu June 2023 pa mtengo wa madola 3.2 miliyoni, ndipo mu 2025 anyamata awiri amene anawalandira anamwalira chiwindi chitasiya kugwira ntchito. Ngati mankhwala oyesedwa ndi akatswiri ali ndi ngozi yotere, nanga botolo la pa WhatsApp kapena Facebook?

Choncho:

1. Musatumize ndalama kwa aliyense wolonjeza jakisoni, zitsamba kapena mphini zoti mwana achira. Mankhwala ovomerezeka muno amalembetsedwa ku bungwe la SAHPRA.

2. Yambirani ku kiliniki, mupemphe kalata yopita ku chipatala cha Rahima Moosa ku Coronationville kapena cha Charlotte Maxeke ku Parktown. Funsani za kuyeza magazi kotchedwa CK.

3. Mwana akapatsidwa prednisone, yemwe amachedwetsa kufooka, musamusiyitse mwadzidzidzi. Zimenezo zingaphe.

4. Asanachitidwe opaleshoni iliyonse, uzani dokotala za matendawa, chifukwa mankhwala ena ogonetsa ndi oopsa kwa iye.

5. Alongo a mwanayo ndi achemwali a mayi ake afunse za kuyezedwa, pakuti angapatsire ana awo osadziwa.

Musabise mwana m'nyumba poopa za mapepala okhalira m'dziko muno. Mu April 2023 khoti lalikulu ku Gauteng linagamula kuti ana osakwana zaka 6 athandizidwe mwaulere m'zipatala za boma, kaya ndi ochokera dziko liti. Bungwe la Muscular Dystrophy Foundation of South Africa limalangizanso mabanja.

Minofu ikawonongeka sibwerera, ndiye musadikire mapeto a mwezi. Lengezani uthengawu ku tchalitchi, ku mzikiti ndi m'magulu a maliro, kuti ufike pa khomo lililonse.