Magetsi a mawa ali m'mitengo ya lero

Akonzi,

Ndiloleni danga m'nyuzi yathu yokondedwayi kuti ndilankhuleko ndi anzanga a ku Chileka, Lirangwe ndi madera ozungulira, makamaka mafumu ndi atsogoleri a mipingo, pa nkhani ya magetsi ndi nkhuni.

Anthu tikuchuluka. M'chaka cha 2022 chiwerengero cha anthu pa dziko lonse chinafika 8 biliyoni. Kuno kwathu, m'chaka cha 1966 pamene malo opangira magetsi a Nkula ankatsegulidwa, Amalawi tinalipo pafupifupi 4 miliyoni. Kalembera wa 2018 anatipeza titapitirira 17 miliyoni. Onsewa akufuna kuphika nsima ndi kuunikira m'nyumba, koma mtsinje wa Shire, womwe umatipatsa magetsi ochuluka kudzera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndi umodzi womwe uja.

Ambiri kumudzi timati magetsi ndi nkhani ya a EGENCO, a ESCOM ndi anthu a m'tauni. Ine ndikukana. Madzi a mitsinje ya Lunzu ndi Lirangwe amakathera mu Shire. Tikadula mitengo m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinjeyi, mvula imakokolola nthaka ya m'minda yathu n'kukaiunjika m'madamu a magetsi. Damu likadzaza matope, madzi opukusa makina amachepa ndipo magetsi amathima. Akathima, chigayo pa Lirangwe chimaima, chipatala chimavutika kusunga mankhwala, ndipo madzi ochokera ku Walker's Ferry, omwe amapopedwa ndi magetsi kudzera ku Chileka, safika bwino mu mzinda wa Blantyre. Choncho chikwanje chathu chimafika kutali.

Tisaiwalenso zimene zinachitika mu Januwale 2022 pamene namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira. Dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 ndipo tinakhala m'mdima wosinthanasinthana kwa nthawi yoposa chaka. Ndikuyamika kuti tsopano kuli magetsi a mphamvu ya dzuwa, monga a mamegawati 60 ku Salima omwe anayamba mu 2021 ndi a mamegawati 20 ku Golomoti a mu 2022. Boma lionjezere oterewa, chifukwa dzuwa ku Chileka kuno silisowa.

Komabe tinene zoona. Mabanja ochuluka kwambiri m'dziko muno amaphikira nkhuni ndi makala, ngakhale ena amene ali ndi magetsi m'nyumba. Aliyense woyenda pa msewu wa Zalewa amaona matumba a makala ali ndanda, ndi anyamata akukankha njinga zolemera mbandakucha kulowera ku Lunzu ndi m'tauni. Kulanda makala pa zipata za apolisi pakokha sikudzathetsa vutoli. Mnyamatayo akuotcha chifukwa alipo wogula, ndipo wogulayo alibe china chotsika mtengo chophikira. Boma lichepetse mtengo wa gasi ndi magetsi ophikira kuti wa ku Ndirande ndi Chilomoni aleke kudalira mitengo ya ku Neno ndi kwathu kuno.

Nanga ife eni mudzi titani? Taonani malo amodzi amene mitengo yachilengedwe yatsala m'midzi yathu: kumanda. Yatsala chifukwa mfumu inaletsa ndipo anthu amamvera. Ngati tikutha kusungira mitengo akufa, tilepherenji kusungira amoyo? Ndikupempha magulupu ndi anyakwawa a kwa Kuntaja, Kunthembwe, Lundu ndi Chigaru kuti mudzi uliwonse upatule nkhalango yake yokhala ndi malamulo olimba ngati akumanda. Zitsa zimene zili m'minda tisazitenthe, tizipatulira mphukira, pakuti chitsa chimakula msanga kuposa mbande. M'malire a minda tibzale nsungwi, keshya ndi mthethe. Nandolo naye amatipatsa ndiwo ndi nkhuni nthawi imodzi. Amayi athu aphunzire kuumba mbaula ya Chitetezo, imene imadya nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa atatu.

Kwa inu abusa, ansembe ndi mashehe, anthu amakumverani kuposa mlangizi wa zankhalango. Tikamamanga tchalitchi kapena mzikiti ndi njerwa zootcha timatha mitengo yambirimbiri pa uvuni umodzi. Bwanji mpingo uliwonse usakhale ndi munda wake wa mitengo, wosamalidwa ndi achinyamata ndi amayi a chigwirizano? Kusukulu kale mwana aliyense ankabzala mtengo wake n'kumauthirira mpaka ugwire. Lero timabzala pa tsiku la mwambo, alendo akachoka mbuzi n'kumaliza. Aphunzitsi anzanga amene mukadali pa ntchito, bwezeretsani mwambo uja.

Mutu umodzi susenza denga. Boma limange malo ambiri opangira magetsi ndipo liwafikitse kumidzi, ife tisunge nthaka ndi mitengo zimene zimateteza Shire. Mvula ikubwerayi, mfumu iliyonse iitanitse msonkhano ndipo malo a nkhalango asonyezedwe mbande zisanafike.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Lirangwe, Blantyre.