A khonsolo ya Blantyre, mukuti tisamuke m'mapiri, tipite kuti?

Akonzi,

Ndipatseni danga m'nyuzipepala yanu kuti ndipereke dandaulo langa kwa akuluakulu a khonsolo ya mzinda wa Blantyre ku Chichiri, makhansala athu ndi a unduna wa za malo. Mzindawu ukukula tsiku ndi tsiku, koma palibe amene akuutsogolera kokulira.

Palibe waiwala za mu Malichi 2023. Namondwe wa Freddy anabweretsa mvula yosakata kwa masiku angapo, matope ndi miyala zinatsetsereka m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja, eni ake ali momwemo. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa osapezekanso, ndipo oposa 600,000 anatsala opanda pogona. Kuyambira pamenepo uthenga wa akuluakulu ndi umodzi: anthu achoke m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje. Uthengawo ndi woona, madzi saiwala khwawa. Koma achoke apite kuti? Funso limeneli likusowa woyankha, ndipo n'chifukwa chake malata akuwalabe m'mwamba mwa Soche, Ndirande ndi Bangwe.

Munthu amasenza njerwa kukwera nazo phiri chifukwa kumusi kulibe malo amene angawakwanitse. Mayi wogulitsa tomato mumsika wa Limbe, mlonda wa ku Namiwawa, mnyamata wa kabaza, onsewa amafuna pokhala poti angathe kuyenda wapansi kupita kuntchito, pakuti ya minibasi ya tsiku lililonse ingawadyere malipiro onse. Poloti yovomerezeka ndi yodula ndipo imafuna kudikira zaka. Lendi ikukwera. Ndiye akamva kuti wina akudula malo kumtunda kwa phiri pamtengo wotsika, amagula, akudziwa ndithu kuti pamalopo mpoopsa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mumzinda uno, ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'madera amene anamangidwa popanda mapulani, monga Mbayani, Makhetha, Misesa ndi Kachere. Anthu amenewa ndi amene amalipira matikiti a msika m'mawa uliwonse, ndi amene amasesa, kulondera ndi kumanga mzindawu. Mapulani a chitukuko amene sanawapatse pomanga ndi mapulani a anthu ochepa.

Malamulo tili nawo. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 linapatsa makhonsolo udindo wokonza chitukuko cha madera awo. La 2016 loona za mamangidwe limafuna chilolezo munthu asanamange, ndipo la 2017 la zachilengedwe lilipo. Vuto ndi lakuti malo a mumzinda uno ali ndi eni ake ambiri: ena ndi a unduna, ena a Malawi Housing Corporation, ena a khonsolo, kwinaku mafumu nawo akugawa. Zinthu zikalakwika aliyense amaloza mnzake. Maziko amakumbidwa masana, khoma n'kukwera, denga n'kufoleredwa, popanda woletsa. Banja likakhazikika, ana atayamba sukulu, mpamene timamva zoti nyumbazo zigumulidwa. Komanso tisanamizire amphawi okha. M'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje mwadzaza mipanda ya njerwa ya anthu a ndalama zawo, imene imapanikiza madzi n'kuwakankhira kwa anansi akumusi. Lamulo liziluma onse mofanana.

Nkhani ya madzi ndiyo imandiwawa kwambiri. Madzi ambiri amene timamwa amachokera ku Walker's Ferry mumtsinje wa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amawapopa ndi magetsi kukwera nawo chitunda chonsecho. Mtengo wa magetsiwo timaulipira ndife pa bilu. Damu la Mudi, limene lili pakhomo pathu pomwe, limadalira phiri la Ndirande, ndipo phirilo linametedwa kalekale. Mvula ikagwa dothi la m'minda limakokolokera m'damumo. Tinachita kukatenga madzi ena ku Likhubula ku Mulanje pamene mapiri athu tawasiya ali mbee. Nkhalango ya Michiru, imene inali itatsala, nayo ikuthera m'matumba a makala. Dzinja lililonse akuluakulu amabwera kudzabzala mitengo, koma pofika Okutobala mbande zija zapsa ndi moto kapena zadyedwa ndi mbuzi chifukwa panalibe wozisamalira. Bwanji osapereka gawo lililonse la phiri kwa anthu oyandikana nalo, n'kumawalipira molingana ndi mitengo imene yapulumuka pakatha zaka zitatu?

Za mtsinje wa Mudi sindichulukitsa, aliyense wodutsa pafupi ndi msika wa Blantyre amagwira mphuno. Zinyalala za m'makomboni sizifika n'komwe kumtaya wa ku Mzedi, zimathera m'ngalande ndi m'mitsinje ya Nasolo ndi Naperi. Mu Januwale 2023 sukulu za mumzinda uno zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera.

Pempho langa lalikulu ndi ili. A khonsolo ya mzinda akhale pansi ndi anzawo a khonsolo ya boma la Blantyre ndi a unduna, pakuti mzinda wadumpha kale malire ake kulowera ku Lunzu, Chileka ndi Mpemba. Apeze malo otetezeka, alambule misewu, akumbe ngalande, aike mipopi ya madzi, asiye malo a sukulu ndi msika, kenako adule mapoloti ang'onoang'ono olipira pang'onopang'ono, oyamba kupatsidwa akhale amene akuchotsedwa m'mapiri. Malowo akhale kumene minibasi zimafika. Mukamuponya munthu kutchire kopanda ganyu, amagulitsa polotiyo n'kubwerera kuphiri komwe kuja. Ndipo pamene banja lachoka, pabzalidwe mitengo sabata yomweyo, pasabwerenso wina.

Ndikupemphanso kuti mapu oonetsa malo oopsa amatidwe m'misika, m'sukulu, m'matchalitchi ndi m'mizikiti, olembedwa m'Chichewa, kuti wogula poloti adziwiretu asanapereke ndalama. Makhansala aziitanitsa misonkhano m'mawodi mwawo n'kutiwerengera kuti pa ndalama za msonkho wa nyumba ndi za m'misika, zingati zapita ku ngalande ndi kuchotsa zinyalala.

Akonzi, ndikupempha a khonsolo atiyankhe patsamba lomwe lino mvula isanayambe. Atiuze dzina la malo amene akonzera mabanja a m'phiri la Soche, mapoloti alipo angati, ndi ofesi imene munthu angakalembetse.

Ine wodandaula,
Chilobwe, Blantyre