Kalata yotseguka kwa Bwanamkubwa wa boma la Dedza pa za mtsinje wa Nadzipulu

Bwana DC,

Ndikupempha kuti ofesi yanu iponye maso pa mtsinje wa Nadzipulu. Ndi waung'ono, moti ambiri odutsa pa msewu wa M5 amawoloka osaudziwa n'dzina lomwe. Umatsetsereka kuchokera kumapiri a Dedza, ndipo ukafika kuchigwa cha Mtakataka umafatsa n'kumatula dothi lachonde m'mbali mwake usanakathire m'nyanja ya Malawi. M'dzinja umakalipa, m'chilimwe umaphwera.

M'mphepete mwake ndi mmene muli Mankhamba. Makolo athu anasankha malowa maso ali poyera: kumtunda mitengo ndi nyama, kumunsi nsomba ndi njira ya mabwato, pakatipa madzi ndi madimba. A Banda anali ndi kachisi wawo wopempherera mvula pamenepa, ndipo a Phiri atafika ndi Kalonga, dera lomweli linasanduka likulu la ufumu wa Maravi, umene dzina la dziko lathu linachokerako.

Zimenezi sizili m'kamwa mwa akuluakulu mokha. Dr Yusuf Juwayeyi atakumba pa Mankhamba anapeza mapale a mbiya, zipangizo zachitsulo, zibangili zamkuwa, zidutswa za minyanga ya njovu imene amisiri ankasema, mikanda yagalasi yodzera kunyanja yamchere ya India, ngakhalenso zidutswa za mbale za ku China, ndipo anafotokoza zonsezi m'buku lake la mu 2020. Tangoganizani, Bwana: mbale youmbidwa ku China kuyenda pamadzi ndi pamutu pa anthu mpaka kudzasweka pagombe la kamtsinje ka ku Mtakataka. Ana athu amaphunzira za Great Zimbabwe, ndipo n'zabwino, koma ayenera kudziwanso kuti kwawo konkuno kunali mzinda wochita malonda ndi maiko akutali.

Nkhawa yanga ili pa gombe. Mitengo ya kumtunda ikathera makala, madzi amatsika mwaukali n'kugumula magombe, ndipo zimene zagona m'dothi kwa zaka mazanamazana zimapita ndi mvula ya usiku umodzi. Wolima mpaka m'madzi, wofukula mchenga ndi woumba njerwa sindikuwada, akusaka chakudya cha ana. Komabe khasu likatembenuza phale kapena mkanda, akatswiri sangathenso kudziwa kuti unali pakuya bwanji ndiponso ndi wa nthawi iti.

Choncho khalani pansi ndi Inkosi Kachindamoto, mafumu a m'deralo ndi a nthambi ya boma yoona za malo ndi zinthu zakale. Malire a Mankhamba adziwike kwa aliyense, m'magombe mubzalidwe nsungwi ndi vetiva, ndipo wotola mkanda kapena phale m'munda adziwe kokapereka popanda mantha. A ku Kungoni, ku Mua, akhala akusunga chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao kuyambira mu 1976. Aitaneni nawo pa zokambiranazo. Ndipo ziyambe mvula isanagwe.

Ine wanu,
Nzika yokhudzidwa